Zala Zinayi

Lolemba a Namacha analemba pa bolodi:
Dzanja. Makala okha. Lachisanu.
Anzanga anayala manja awo pa desiki
n'kuyamba kudzikopera okha,
zikhadabo zoyera, khungu lodzola bwino.
Ine langa ndinalibisa m'thumba.

Ndinatsika wapansi mpaka kumsika,
kuseri kwa ogulitsa zitsulo,
kumene a Likoswe amasoka nsapato
atakhalira chitini cha penti.
Dzanja lawo lamanja lili ndi zala zinayi.
Chachisanu chinatsala kuphiri,
mu utuchi wa paini, tsiku limene macheka anaterereka.
Ndinawapempha. Anaseka.
"Bola usandichedwetse."

Masiku atatu ndinakhala pa njerwa.
Makala ndinapempha kwa mayi wootcha chimanga,
pepala ndinagula ndi ndalama ya nkhomaliro,
labala atatha ndinkafufuta ndi mkati mwa buledi.
Dzanjalo silinkakhala phee.
Linkaboola chikopa, linkakoka ulusi,
linkapirikitsa ntchentche, linkalandira chenji,
ine pambuyo pake ngati mwana wothamangitsa nkhuku.

Lachisanu tinamata zojambula pa khoma,
manja makumi awiri ndi atatu, onse m'mwamba
ngati akupempha kuti alankhule.
A Namacha anayenda pang'onopang'ono,
magalasi ali pa nsonga ya mphuno.
Kwa Asiyatu anati mthunzi ukupuma bwino.
Kwa Tiyesere anati chala chachikulu changokhala chinangwa,
kalasi yonse inaseka, ngakhale mwini wake.
Atafika pa changa anawerenga ndi cholembera:
chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.
Anawerenganso.
"Mnyamata, unatopa, kapena masamu anakuthawa?"
Ndinatsegula pakamwa
koma mawu anatsamwa ngati mbatata yopanda madzi.
Inki yofiira inatera pa ngodya:
48. Phunzira kuona.

Usiku umenewo ku Chikanda magetsi anazima.
Ndinagona chagada, nambalayo ili pachifuwa,
ndikuwayankha a Namacha chamumtima
mayankho okoma aja
amene amafika basi itapita kale.

Loweruka ndinapita nalo kwa mwini dzanja.
A Likoswe anapukuta manja pa buluku,
analigwira m'mphepete ngati kalata ya kuchipatala.
Anayang'ana.
Minibasi ya ku Liwonde inadzaza n'kunyamuka,
ina inayamba kuitanira,
iwo akuyang'anabe.
"Chipserachi wachipeza," anatero,
"ngakhale chikhadabo ndinachimenya ndi hamala chija."
Kenako anagogoda pampata,
pomwe pepala linatsala loyera.
"Koma iwe, pepala ndi lako, makala ndi ako.
Ukanandibwezera chala changa
ukanaluza chiyani?"

Sindinayankhe.
Kachiwiri sabata imodzi.

Anaona zofiira pa ngodya
n'kufunsa ngati ndi mtengo wake.
Ndinati ndi malikisi.
"Pa angati?"
Pa handiredi.
Anawerengera pa zala zomwe ali nazo,
anatenga msomali m'kamwa
n'kulikhomera pa thabwa,
pamwamba pa nsapato zimene eni ake anaziiwala.
"Ine anandidula chimodzi,
iwe akudula makumi asanu ndi awiri,
ndipo ukuyendabe.
Bweretsa nsapatoyo, yayasamula."

Lolemba lino bolodi likuti: Nkhope yako.
Ndakhala ndi kagalasi kosweka kuyambira m'mawa.
Maso awiri, mphuno imodzi,
pakamwa pomwe sipadziwa kuyankha.
Ndawerenga kawiri, zonse zilipo,
koma makala sanakhudzebe pepala.
Sindikudziwa ngati ndijambule zomwe ndikuona
kapena ndidzibwezere kanthu.

Panja chiperoni chatsika,
chafufuta theka la phiri la Zomba,
mitengo, mathanthwe, msewu wokhotakhota uja,
ndipo palibe wachipatsa malikisi.